Sabata imodzi ku Mangochi ndi ophunzira unamwino

Lamlungu: Lilongwe, Dedza, Golomoti

Tinapangana zonyamuka 7 koloko m'mawa, koma kosita yatuluka pageti 9 koloko itadutsa kale. Bokosi la zipangizo linali lokhomeredwa mu ofesi, mwini makiyi ali kutchalitchi, ndipo popanda bokosi limenelo ulendo wotere suyambika. M'bokosimo muli makina anayi oyezera BP, zoyezera kutentha kwa thupi, timatepi toyezera mkono wa mwana, kamakina koyezera shuga ndi timapepala take, magolovesi mabokosi 10, tochi zitatu ndi sopo. Gulu la ophunzira likafika pachipatala chimanjamanja limamaliza magolovesi a eni ake m'masiku awiri, ndiye chaka chamawa akangomva kuti mukubweranso nkhope zimagwa.

M'galimoto tilimo anthu 15. Ophunzira unamwino ndi uzamba a chaka chachitatu alipo 6, a udokotala awiri, a famase awiri, wa mafizo mmodzi, atsikana awiri ochokera ku Norway amene akuphunzira unamwino kwawoko, ine mphunzitsi wawo wa m'wodi, ndi adalaivala. Pokwera aliyense anakhala ndi anzake a kalasi imodzi: anamwino kumbuyo, a udokotala kutsogolo, alendo aja pawindo akuyankhulana chinenero chawo. Akamaliza sukulu adzakhalanso chomwecho m'wodi ngati palibe wowasakaniza panopa. Titaima pa Dedza kugula mbatata ya kachewere ndawagawa m'magulu atatu, gulu lililonse anamwino awiri ndi ena a ntchito zina, ndipo asinthana mipando pomwepo. Lamulo la sabata ino ndi lakuti gulu limodzi likhale ndi wodwala mmodzi, kuyambira pamene wafika mpaka pamene tikumusiya m'manja mwa ena. Madzulo wofotokoza za wodwalayo azikhala amene sanagwire gawo lalikulu la ntchito tsikulo. Wa famase afotokoze za chilonda, namwino afotokoze chifukwa chimene mlingo wa mankhwala wasinthira. Bungwe la WHO linatulutsa chikalata cha maphunziro oterewa mu 2010, ndipo mfundo yake ndi yakuti ophunzira a ntchito zosiyana aziphunzira limodzi, wina kuphunzira kwa mnzake, n'kudziwanso chimene mnzakeyo amachita. Kungowaunjika m'holo imodzi akumvera mphunzitsi mmodzi sikukwaniritsa zimenezo.

Pa Masasa tasiya msewu wa M1 n'kuyamba kutsetsereka Khwekhwerere. Msewu umenewu ndimauopa, makamaka nthawi ino ya mvula. Adalaivala anaika giya yotsika kuyambira pamwamba pomwe, komabe tisanafike pansi fungo la mabuleki linali litadzaza m'galimoto. M'makona anyamata ayalika timagalimoto ndi tindege tosema pamtengo, koma palibe amene anapempha kuti tiime. Mtsikana mmodzi wa unamwino anasanza.

Pa Golomoti kutentha kwa kuchigwa kunatilandira. Mayi wina wootcha chimanga, K300 chimodzi, ataona mtsikana uja akupukuta diresi ndi pepala, anatenga ndowa yake ya madzi ndi sopo n'kupita naye kuseri kwa golosale. Titafuna kumupatsa kangachepe anakana. "Iyayi amayi, ana awawa ndi amene adzatigwire mawa tikadzagona m'chipatala."

Tafika ku Mangochi dzuwa likulowa, titadutsa malambe osawerengeka ndi mphambano ya ku Monkey Bay. Tisanadye ndayendera zipinda kuona ngati neti iliyonse ilibe chiboo. Alendo athu akumwa mankhwala oteteza malungo tsiku ndi tsiku. Ndawakumbutsa kuti asadzawasiye pokwera ndege: Malarone amapitiriza masiku 7 atachoka kuno, doxycycline masabata anayi.

Lolemba: Mangochi boma

M'mawa wonse wathera pabenchi. Makalata opempha malo amayenera kufika ku ofesi ya mkulu wa zaumoyo m'boma masabata angapo gulu lisanabwere, ndipo mukafika mumayamba mwakaonekera kwa a Matron ndi kwa mkulu wa wodi iliyonse. Kwa ophunzira akunja pamafunika zambiri: kalata ya sukulu yawo yonena chaka chimene ali ndi ntchito zimene aphunzira kale, umboni wa katemera wa hepatitis B, inshuwalansi, ndi mapepala odutsa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba. Mlendo amagwira zokhazo zimene amaloledwa kugwira kwawo, ndiponso pamaso pa namwino wa pano. Kuchepa kwa anthu ogwira ntchito m'wodi zathu si chilolezo choti wophunzira wakunja adzayeserere pa odwala athu zimene sangaloledwe kuchita ku Oslo.

Tikudikira choncho, bambo wina wokankha njinga ya odwala anatiphunzitsa moni wa Chiyao. "Ajimwiche uli?" m'mawa, "Ali uli?" nthawi ina iliyonse. Mwana ndi mwanache, madzi ndi mesi. Ophunzira athu ambiri ndi a ku Lilongwe, Kasungu ndi Mzimba, ndiye pankhani ya chinenero lero anali alendo chimodzimodzi ndi atsikana a ku Norway. Amayi ambiri achikulire a tsidya la kum'mawa amamva Chichewa, koma ululu amaufotokoza m'Chiyao.

Masana tazungulira. Pakhomo lililonse pali ndowa ya madzi a klorini, chizolowezi chimene chinakhazikika ndi kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi inali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri. Mnyamata wa famase anafotokozera anzake kusiyana kwa misakanizo: 0.05% wosamba m'manja, 0.2% wokolopera pansi ndi mabedi, 2% wothira pachimbudzi ndi masanzi a wodwala kolera. Ndowa yosalembedwa ndi yoopsa, chifukwa wina amasamba m'manja ndi wa 2% n'kupsa khungu, wina amathira wa 0.05% pamasanzi n'kumaganiza kuti wapha tizilombo. Tinakambirananso za Pumani, kamakina kothandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma. Anakapanga ndi a uinjiniya a Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Wa uinjiniya payekha sakanadziwa mavuto a mphuno ya khanda la kilogalamu imodzi ndi theka, namwinonso payekha sakanapanga pampu.

Chakudya cha madzulo, nsima ya chambo chaching'ono ndi chisoso, K6,000 mbale. Kabaza kubwerera kogona K500. Miyendo yatupa ndi kutentha.

Lachiwiri: wodi ya ana

Lero ndilemba zambiri, chifukwa zimene tinabwerera zaoneka pa mwana mmodzi.

Anafika cha m'ma 10 koloko ali kumsana kwa mayi ake, mnyamata wa zaka ziwiri, thupi moto, atakomoka kawiri panjira. Wophunzira unamwino amene anali pamzere anamuona khosi lili lende ndipo anamutulutsa pamzerepo osadikira buku. Imeneyo ndiyo ETAT, njira yosankha ana odwalitsa kuti athandizidwe msanga, imene inakulira ku Queen Elizabeth komweko isanafalikire kumayiko ena. Choyamba njira ya mpweya ndi kupuma, kenako kayendedwe ka magazi, kukomoka, ndi kutha madzi m'thupi. Kuyeza malungo kunaonetsa mizere iwiri. Sikelo inati makilogalamu 12.

Atsikana a ku Norway amadziwa Glasgow Coma Scale, muyeso wa kukomoka wofuna kuti wodwala ayankhe mafunso, koma mwana wa zaka ziwiri sungamufunse kuti lero ndi lachingati. Wophunzira wathu anawaonetsa Blantyre Coma Scale, imene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pofufuza malungo a muubongo. Maso akatsatira nkhope ya mayi, 1. Kulira kwabwinobwino 2, kubuula 1, chete 0. Ukamutsina n'kufikitsa dzanja pamene pakupweteka 2, kungothawitsa mkono 1, osachita kanthu 0. Zonse pamodzi ndi 5, ndipo 2 kutsika pansi ndiye kuti mwana ali chikomokere. Uyu anapeza 3.

Shuga anali 2.1, wotsika kwambiri. Mwana wa malungo aakulu shuga wake amatsika mosachenjeza, ndipo ukangothamangira mankhwala a malungo osayeza shuga ukhoza kumutaya ali ndi mankhwala oyenera m'thupi. Amafunika 5 ml ya dextrose (madzi a shuga) wa 10% pa kilogalamu iliyonse, ndiye kuti 60 ml. Pathebulo panali wa 50%. Wa famase anawerengera mokweza kuti onse amve: gawo limodzi la wa 50% ndi magawo anayi a madzi a jakisoni, 12 ml ndi 48 ml. Wa 50% wosasungunula amawotcha mtsempha wa mwana. Patatha mphindi 30 tinayezanso, ndipo mwana anayamba kutsatira mayi ake ndi maso.

Kenako artesunate, jakisoni wa malungo aakulu. Wophunzira udokotala analemba 2.4 mg pa kilogalamu, mlingo umene anauloweza bwino. Mtsikana wa famase anayang'ana pepalalo, n'kukhala chete kanthawi, kenako anati, "Achimwene, mwanayu sanafike makilogalamu 20." Mwana wosafika 20 amalandira 3 mg pa kilogalamu, chifukwa thupi lake limachotsa mankhwalawa msanga. Ndiye ndi 36 mg, osati 29. Mnyamatayo anafufuta, n'kusaina pambali, n'kunena zikomo. Kukonza mlingowo kunatenga mphindi imodzi yokha, koma kulankhula kwa mtsikanayo ndi kumvera kwa mnyamatayo ndi zimene sitingathe kuphunzitsa pabolodi.

Kusakaniza kunagwera wophunzira unamwino. Kabotolo ka ufa ka 60 mg kamabwera ndi kabotolo ka 1 ml ya sodium bicarbonate. Umathira bicarbonate yense mu ufa, n'kukhutchumula mpaka madzi ayere mbee. Poyamba amaoneka ngati mkaka, ndipo pamafunika kudekha mphindi imodzi kapena ziwiri. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amathira saline ufa usanasungunuke. Wathu anali atatenga kale saline m'sirinji, dzanja likunjenjemera, ndipo namwino wa m'wodimo anangomugwira pamkono. Akayera umawonjezera 5 ml ya saline, zonse zimakhala 6 ml, 10 mg pa ml iliyonse. Kwa mwanayu ndi 3.6 ml, imene imakwezedwa kufika 4 ml. Umabaya pang'onopang'ono kudzera pa kanyula, osathira m'botolo la dilipi. Akakana kuyera umataya. Wosakaniza kale sasungidwa kupitirira ola limodzi, choncho wotsala sasungidwira jakisoni wa usiku.

Jakisoni ameneyu amaperekedwa pofika, pakatha maola 12, ndi pakatha maola 24. Ndinawauza alembe nthawi yeniyeni papepala, 10:40 m'mawa, 10:40 usiku, 10:40 mawa, chifukwa wa usiku ndi amene amasowa anthu akamasinthana ntchito. Mwana akatha majakisoni atatu n'kuyamba kumeza amamwa LA masiku atatu athunthu. Kwa makilogalamu 12 ndi piritsi limodzi kawiri patsiku, ndi phala la nsinjiro kapena mkaka, popeza LA amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta.

Mmodzi wa alendo athu, amene malungo wawaona koyamba lero, anafunsa funso limene tonse tinaliphonya: kodi alipo amene wauza mayiyu chimene tikumubaya mwana wake? Panalibe. Mayi anali ataima kukhoma chitenje chili kukamwa kwa mphindi 40. Anapezeka gadiyani wa pabedi loyandikana wotanthauzira m'Chiyao, ndipo wophunzira wathu anagwada pafupi ndi mayiyo n'kumufotokozera zonse. Mlendo yemweyo analemba tsiku ndi nthawi pa pulasitala ya kanyula. Akuti kwawo kanyula yosalembedwa tsiku saivomereza.

Ndabwereranso 10:40 usiku ndi ophunzira awiri. Jakisoni waperekedwa. Mwana walira mokweza pomubaya, ndipo mayi ake aseka.

Lachitatu: tsidya la kum'mawa

Tawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kukhotera kumpoto, njira ya ku Malindi ndi Makanjira, nyanja ili kumanzere. Mvula inagwa usiku. Titasiya msewu waukulu kulowera kuchipatala chaching'ono kumene tigone masiku awiri, kosita inatitimira m'matope mpaka theka la matayala. Anyamata asanu ndi mmodzi amene amapita kukakonza maukonde anatula katundu wawo, anadula nthambi, n'kukankha mpaka tinatuluka. Mkulu wawo anangopempha kuti tikafika tikamuyeze BP mayi ake. Tataya ola limodzi ndi theka, mayunifolomu oyera ali psuu ndi dothi.

Aphunzitsi a lero anali a HSA (mlangizi wa zaumoyo wa m'midzi), bambo amene wagwira ntchito m'midzi imeneyi zaka zambiri. Tinawapeza atayala mabotolo a madzi oundana pathebulo m'malo mowaika m'bokosi la katemera. Wophunzira wina anafuna kuthandiza powalongedza msanga, iwo anamuletsa. Botolo lochokera mufiriji limayenera kukhala panja mpaka ukaligwedeza uzimva madzi akuyenda mkati. Ukaliika louma gwa, katemera wa penta ndi wa chibayo amaundana n'kutha mphamvu, ngakhale m'maso akuoneka bwinobwino. Anationetsa kachizindikiro ka pabotolo la katemera: kabokosi ka mkati kakhale kowala kuposa bwalo lokazungulira, kakafanana nalo kapena kuderapo, katemerayo wapsa ndi kutentha. Wa BCG ndi wa chikuku akasungunulidwa amatayidwa pakatha maola 6. A famase amadziwa zonsezi m'buku, koma anali asanaonepo bokosi likumangidwa pa njinga.

Sikelo inachitikira pansi pa mtengo wa mango, choyezera chitapachikidwa panthambi. Amayi anayamba ndi nyimbo ya kulera. Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019, pamene Malawi inakhala dziko loyamba kumuyambitsa m'ndondomeko ya katemera wa ana. Amaperekedwa pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo a HSA akuti wovuta ndi womalizayo, chifukwa mwana akayamba kuyenda amayi ambiri amaleka kubwera kusikelo.

Poyeza mkono, tepi imazungulira mkono wamanzere pakatikati pa phewa ndi chigongono, mkono uli chilendewere. Kuchepera 11.5 cm ndi kofiira, 11.5 mpaka 12.5 ndi kwachikasu. Ophunzira awiri anayeza mwana mmodzi, wina anapeza 11.3, wina 11.9. Woyambayo anakoka tepi mpaka khungu kukwinyika. Kusiyana kwa theka la sentimita kumeneko ndi kumene kumagamula ngati mwana alandire chiponde kapena ayi. Kutupikana umakuona podina pamwamba pa mapazi onse awiri masekondi atatu. Mwana wotupikana akhoza kulemera bwino pasikelo pamene ali pangozi. Ino ndi miyezi ya njala, chimanga chikadali kumunda, ndipo mayi amene wapatsidwa chiponde cha mwana mmodzi ali ndi ana ena atatu akumuyang'ana. Kumuuza kuti chiponde ndi mankhwala n'kofunika, koma wophunzira amene ananena mawuwo lero anawanena motsitsa, ataona ana enawo.

Tagona pamatiresi m'chipinda cha sikelo. Mkazi wa mlonda watiphikira mpunga wa usipa wofutsa.

Lachinayi usiku

Masana kunali phee. Ntchito inayamba 8 koloko usiku, ndi mtsikana wa mimba yoyamba wochokera ku chidikiro. Njira ya mwana inali itatseguka 5 cm. Mzamba wa pano, amene ali yekha usiku uno, anapereka pepala la partograph, lolembapo mmene kubereka kukuyendera, kwa wophunzira wathu. Mtima wa mwana umamvedwa mphindi 30 zilizonse, kupweteka kwa mimba kumawerengedwa mphindi 30 zilizonse dzanja lili pamimba kwa mphindi 10, njira imayezedwa maola anayi alionse. Pepalali limathandiza pokhapokha likulembedwa nthawi yomweyo. Lodzazidwa m'mawa mwana atabadwa kale silinapulumutsepo munthu.

Pofika 12 koloko njira inali 6 cm yokha, mutu wa mwana ukadali pamwamba. Papepala paja kadontho kanagwera kumanja kwa mzere wochenjeza, kusonyeza kuti kubereka kukuchedwa. Kuchipatala chachikulu ukhoza kudikirako pang'ono uku ukuyang'anira, popeza fiyeta ili pafupi. Kuno, ndi matope aja, kudikira mzere wachiwiri, wochitirapo kanthu, ndi kuchedwa. Foni anaimba ndi wophunzira udokotala, wa unamwino akumugwirira pepala. Tinali titayeserera masana zinthu zinayi zonena motsatana: vuto lili pano, mbiri ya mayiyu mwachidule, zimene tapeza poyeza, ndi chimene tikupempha. Anamaliza m'mphindi imodzi. Ambulansi inafika cha m'ma 3 koloko, mayi ali kale ndi kanyula, chikhodzodzo chopanda mkodzo, kalata ili m'buku lake. Maola atatu amenewo ndinali ndi mantha, ndipo ndinamvera ndekha mtima wa mwanayo kangapo.

Mayi wachiwiri, wa mimba yachinayi, anachira m'bandakucha mosavuta. Oxytocin, jakisoni wolimbitsa chiberekero kuti mayi asataye magazi, 10 IU pantchafu pasanathe mphindi imodzi mwana atabadwa, utatsimikiza kaye kuti m'mimba mulibe wachiwiri. Wa famase anali ataonetsetsa madzulo kuti mankhwalawa ali mufiriji pakati pa 2 ndi 8 digiri, chifukwa oxytocin wokhala pawindo m'kutentha kwa Mangochi amafooka, ndipo umazindikira mochedwa mayi akutaya magazi. Mlendo wathu anagwira tochi ndi kupukuta khanda. Kwawo namwino amaphunzira zaka zitatu, uzamba ndi maphunziro ena apamwamba a zaka ziwiri pambuyo pake, choncho anadabwa kuona mnzake wa msinkhu wake akulandira mwana ndi kuunika nsengwa. Maola awiri otsatira wophunzira wathu ankagwira chiberekero mphindi 15 zilizonse kuona ngati chalimba.

Lachisanu: kumudzi, kenako kunyanja

Tapita m'mawa kuti tibwereko anthu asanapite ku mzikiti. Atsikana onse anamanga zitenje, ndipo tinayamba taima pabwalo mpaka mwana wamwamuna wa pakhomopo anatilowetsa. Wodwala ndi bambo wachikulire amene anafa ziwalo mbali ya kumanja mwezi wapitawo. Anali gone pamphasa m'chipinda chamdima.

Lero linali tsiku la mnyamata wa mafizo, amene sabata yonse wakhala akuthandiza ntchito za ena. Anaona mkazi wa bamboyo akuwadzutsa powakoka dzanja lofookalo. Phewa la mbali yakufa lilibe minofu yoligwira, ndiye kukoka kumaligulula ndipo ululu wake umaletsa mafizo onse otsatira. Anaonetsa banjalo kugwira kumsana kwa phewa ndi m'chiuno, kupinda chitenje n'kuika pansi pa mkono, ndi kuwakhazika tsonga pa mpando nthawi ya chakudya, phala lolimbirako pang'ono, supuni yaing'ono, osawathira madzi m'kamwa ali chogona chifukwa amalowera kumapapo. Wophunzira unamwino anapempha chilolezo choona kumsana, ndipo anapeza pamwamba pa matako pofiira posasintha ukadina, chiyambi cha chilonda. Kutembenuza maola awiri alionse anakumangirira ku nthawi za swala (mapemphero a Chisilamu) ndi za chakudya, kuti banja lisavutike ndi wotchi.

Wa famase anapempha jumbo ya mankhwala n'kukhuthula pamphasa. Mapiritsi a BP analimo osakhudzidwa. Bamboyo anawasiya kalekale atamva kuti ali bwino, ndipo panopa akumwa bufeni wa pagolosale tsiku lililonse chifukwa cha phewa lija. Bufeni amakweza BP ndipo amavutitsa impso. BP inali 178 pa 104. Wa udokotala analemba kalata yoti akaonedwe Lolemba. Aliyense mwa anayiwa akanapita yekha akanabwerako ndi gawo limodzi la vuto la bamboyu. Potuluka anatipatsa nkhuku yamoyo, imene ili pansi pa mpando wa kosita pamene ndikulemba.

Madzulo tinakhala pamchenga. Alendo anafuna kusambira, ndipo ophunzira athu anawafotokozera za likodzo: nkhono za m'mabango ndi m'madzi odekha, tizilombo tolowera pakhungu, magazi kumapeto kwa mkodzo. Wosamba m'nyanja akayezetse pakatha miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa praziquantel, mankhwala a likodzo, sapha nyongolotsi zosakhwima, ndiye kumwa mawa lake n'kungotaya mankhwala. Mlingo ndi 40 mg pa kilogalamu, munthu wa makilogalamu 60 mapiritsi anayi a 600 mg, atadya kaye.

Kenako wina mwa athu anafunsa funso limene ndimaliyembekezera: nanga ife tidzapita liti kwanu? Kusinthana kumeneku nthawi zambiri kumayenda mbali imodzi. Iwo amabwera, athu amatsala, chifukwa tikiti, visa ndi malo ogona ku Ulaya wophunzira wa kuno sangazikwanitse. Ine ndimaona kuti sukulu iliyonse posaina mgwirizano wotere izilembetsa poyera kuti ndi angati a kuno amene adzapite ndipo adzalipira ndani. Kwa ophunzira ndawauza zimene zili m'manja mwawo: pasipoti apangitsiretu mwayi usanatuluke, buku la ntchito za m'wodi likhale losainidwa tsamba lililonse, katemera wa hepatitis B amalize onse atatu. Asaderere zimene angakaphunzitse kumeneko. Atsikana awiriwa akubwerera kwawo akudziwa kuyeza mwana wokomoka ndi kuona kuchepa kwa magazi pazikhato, ndipo awaphunzitsa ndi anzawo a chaka chachitatu.

Loweruka: kubwerera

Tisananyamuke pa boma tinalowa m'wodi ya ana. Mnyamata wa Lachiwiri uja anali atakhala pamiyendo ya mayi ake akudya phala, ali pa LA. Wophunzira amene anamutulutsa pamzere anauza mayiyo kuti akaona mwana wayera m'maso kapena mkodzo wada m'masabata awiri kapena atatu akubwerawa abwerere msanga, chifukwa ana ena magazi amatsika pambuyo pa artesunate.

Mayi wa malo amene tinagona anandiimitsa pakhomo ndi mwana wake wamkazi wa Fomu 3. "Amayi, ameneyu akufuna unesi. Ayambire pati?" Ndinamuuza kuti alimbikire Chingerezi, masamu, Biology, Physics ndi Chemistry, chifukwa yunivesite za boma zimafuna makirediti 6 pa MSCE ndipo mafomu amadzera ku NCHE, khonsolo yoyang'anira maphunziro apamwamba. Digiri ya unamwino ndi uzamba imapezeka ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), imene inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ya 1979 ndi College of Medicine ya 1991, komanso ku Mzuzu University. Palinso makoleji a mipingo a pansi pa bungwe la CHAM ndi Malawi College of Health Sciences amene amapereka dipuloma ya zaka zitatu, ndipo ambiri amayambira kumeneko n'kudzakweza maphunziro pambuyo pake. Njira iliyonse imathera pa mayeso a khonsolo ya anamwino ndi azamba, popanda amenewo sungagwire ntchito. Ndinamuuzanso asasiye Chiyao chake. Mtsikanayo analemba zonse kuchikuto kwa kope lake la Biology.

Tagula chambo chowamba ndi utaka panjira, nsomba zaziwisi adalaivala azimangirira pagalasi lakutsogolo. Tabwerera njira yomweyo, ndipo Khwekhwerere pokwera saopsa ngati potsika, ngakhale kosita inakwera ikulira pa giya yoyamba. Pa Golomoti mayi wa chimanga uja sanalipo, tamusiyira sopo awiri kwa mnzake wa pambali. Mabuku 13 a ophunzira ali pamiyendo panga kudikira siginecha, ndipo ndayamba ndi la mtsikana wa famase. Kumbuyoku wa mafizo akuphunzitsa anamwino awiri kagwiridwe ka phewa, mlendo mmodzi ndiye akukhala wodwala wawo. Tangodutsa Linthipe, mvula yayambanso.